Mbande yozulidwa popanda dothi

Mlongo wanga atayamba kutsegula m'mimba miyezi yotsatizana, nthawi zina ndi magazi, tonse kumudzi tinkati ndi kamwazi. Iye anali ku Manchester, ndipo madokotala a kumeneko ndiwo anatchula dzina lomwe tinali tisanalimvepo: matenda a Crohn. Dzinali ndi la Burrill Crohn, dokotala wa ku New York amene anafotokoza matendawa pamodzi ndi anzake awiri mu 1932. Pa nthendayi, komanso inzake yotchedwa ulcerative colitis, chitetezo cha m'thupi chimaukira matumbo a mwini wake n'kusiya zilonda zosapola msanga.

Chimene chinamusautsa kwambiri n'chovuta kuchitchula pagulu: fistula. Si ija timaidziwa kuno ya amayi ovutika pobereka ayi. Iyi ndi kanjira kamene chilonda chimaboola kuchokera m'matumbo n'kudzatulukira pafupi ndi kotulukira chimbudzi, ndipo kamachucha mafinya usana ndi usiku.

N'chifukwa chake ndinayamba kulondola nkhani ya ma stem cell, maselo amene amatha kusanduka maselo a mitundu ina ya m'thupi. Ambiri mwa amene amagwiritsidwa ntchito pa fistula yotereyi amatengedwa m'mafuta a m'thupi la munthu n'kuchulukitsidwa mu labotale. Ntchito yawo yaikulu si kusanduka matumbo atsopano, koma kutulutsa zinthu zoziziritsa chitetezo cholusacho kuti chilonda chipeze mpata wopola. Mu 2018 mayiko a ku Ulaya anavomereza mankhwala otere otchedwa Alofisel, omwe ndi maselo 120 miliyoni obayidwa m'mbali mwa fistula. Pa kafukufuku wa anthu 212, theka la olandira maselo anapola, pamene mwa osalandira anapola 34 pa 100 alionse. Koma kafukufuku wina wamkulu, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2023, sanapeze kusiyana kokwanira, ndipo kumapeto kwa 2024 mankhwalawo anachotsedwa pamsika ku Ulaya. Tsiku lomwe ndinamva zimenezi sindinamuimbire mlongo wanga.

Zifukwa zomwe maselowa amalepherera n'zambiri, koma vuto limodzi ndi lodziwika kalekale: maselowa sakhalitsa. Mukawalowetsa mumtsempha, ambiri amakakodwa m'mapapo osafika m'matumbo. Mukawabaya pachilonda penipeni, amapeza malo otupa, opanda mpweya wokwanira. Ndiponso selo lamtunduwu likasowa pogwira limadzipha lokha. Asayansi amatcha imfa imeneyi anoikis, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kusowa nyumba.

Apa m'pamene ndinakumbukira agogo anga kudimba. Powokera tomato sankalola kuti tizule mbande ndi mizu yokhayokha. Ankati tizithira madzi panazale kaye, kenako tizizula ndi kachibuma ka dothi, tiziwokera dzuwa litapendeka. Mbande yokutumulidwa dothi inkafota tsiku lomwelo. Ochita kafukufuku nawonso akufuna kusamutsa selo pamodzi ndi kachibuma kake.

Kachibumako kamapangidwa ndi zinthu zosiyanasiyana. Pali fibrin, yemwe amaundanitsa magazi pabala. Pali collagen wa m'khungu ndi m'minyewa. Pali alginate wochokera ku ndere za m'nyanja yamchere. Zambiri mwa izi amazikonza kukhala hydrogel, chinthu chonanda ngati therere chimene chimasunga madzi ambiri. Selo limapeza pogwira, chakudya ndi mpweya zimadutsa, ndipo silikokoloka pachilonda. Luso lagona pa kulimba kwake: chikalimba kwambiri selo limabanika, chikafewa kwambiri chimasungunuka ntchito isanathe.

Zambiri mwa izi zayesedwa pa mbewa zokha, ndipo mbewa si munthu. Komabe chilipo chimene chinandipatsa mtima. Madokotala a ku Mayo Clinic ku America anatenga maselo m'mafuta a wodwala mwini, n'kuwamamatiza pa kachitsekerero kamene kamasungunuka kokha m'thupi, kenako n'kukalowetsa m'kanjira ka fistula kaja. Zotsatira zake zinatuluka mu 2017: mwa odwala 12, khumi anali atapola pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi. Anthu 12 ndi ochepa, ndipo panalibe gulu lina loyerekezera nalo, choncho sitinganene kuti mankhwala apezeka.

Nditamufotokozera mlongo wanga zonsezi pafoni, anakhala chete kanthawi. Kenako anandifunsa kuti, "Achimwene, awiri otsalawo zinawathera bwanji?"