Wotilembera za msonkho tizimulipira zingati? Zomwe adaona mlamu wanga ku Kayelekera

Usiku wina mlamu wanga wa ku Kayelekera, m'boma la Karonga, adandiimbira foni mawu ali ogwa. "Alamu, anthu atatu anditchulira mitengo itatu pa ntchito imodzi. Akufuna kundibera ndani?" Ntchito yomwe ankanenayo ndi yodzaza fomu ya msonkho ya pachaka, yomwe ambiri amangoti ritani. Ndalemba nkhani yakeyi chifukwa ndikudziwa kuti funso lomweli likuvutitsa anthu ambiri omwe angoyamba kumene kugulitsa katundu kumakampani.

Kayelekera ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 52 kuchokera paboma la Karonga, mbali ya kumadzulo, kulowera ku Chitipa. Mgodi wa uranium wa kumeneko udatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya Paladin ya ku Australia, koma udaima mu 2014 mtengo wa miyalayi utagwa kutsatira ngozi ya ku Fukushima m'dziko la Japan mu 2011. Kampani ya Lotus Resources idagula mgodiwu mu 2020, ndipo udayambanso kugwira ntchito mu Ogasiti 2025. Ntchito yokonzanso makina itangoyamba, ndalama idayambanso kuyenda m'derali. Ena adalembedwa ntchito, ena adatsegula malo odyera, ena adayamba kubwereketsa nyumba ndi galimoto.

Mlamu wangayo adayamba kupereka nkhuku, mazira, mpunga ndi ndiwo zamasamba kumakampani ena ndi malo ogona alendo. M'chaka cha msonkho chomwe chidatha pa 31 Malichi 2025 adagulitsa katundu wa K18 miliyoni. Koma nthawi zonse akamalipidwa ndalama inkabwera yoperewera, chifukwa lamulo limalamula ogulawo kudula K3 pa K100 iliyonse n'kukapereka kubungwe lotolera misonkho la MRA. Uwu ndi msonkho wa withholding. Chaka chonse adamudula K540 000. Iye ankaganiza kuti basi wathana nalo boma, kufikira tsiku lomwe kampani ina idamupempha satifiketi yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho isanamupatse oda yatsopano. Pamenepo mpomwe adamva kuti ayenera kupereka ritani pasanathe masiku 180 chaka cha bizinesi chitatha.

Woyamba kumupeza adali mnyamata wa pamalo ena otayipa ndi kujambula mapepala ku Karonga. Adatchula K40 000. Ntchito yake idali yolowa pa Msonkho Online, njira ya MRA ya paintaneti, n'kulemba manambala omwe mayiyo amuuze. Wachiwiri adali akauntanti wa ku Mzuzu, yemwe atangoona jumbo yodzaza malisiti osakanikirana adatchula K250 000. Wachitatu adachita kumulondola yekha pamsika. Uyu adati safuna kanthu poyamba, koma adzatenge K30 pa K100 iliyonse ya ndalama yomwe ibwezedwe, kuphatikizapo kangachepe ka "anthu ake" omwe ankati amadziwana nawo.

Nditafatsa nazo ndidaona kuti atatuwa sankagulitsa chinthu chimodzi. Mnyamata uja ankagulitsa kompyuta ndi zala zake. Akadamuuza kuti K18 miliyoni yonseyo ndi phindu, akadalemba zomwezo, ndipo mlamu wanga akadapezeka ndi ngongole ya mamiliyoni. Akauntanti ankagulitsa nthawi ndi kudziwa lamulo: kusiyanitsa ndalama yolowa ndi phindu, kudziwa zomwe zimaloledwa kuchotsedwa ndi zomwe siziloledwa, komanso kufananitsa masatifiketi a withholding ndi sitetimenti ya kubanki. Wachitatuyo ankagulitsa mavuto. Munthu yemwe malipiro ake amakula ndalama yobwezedwa ikakula amakhala ndi chifukwa chokokomezera zomwe mudawononga, ndipo bodza likadzaululika iye sadzapezeka. Dzina ndi TPIN zomwe zili pafomupo ndi zanu, chindapusa ndi chiwongoladzanja zidzagweranso inu.

Ndidamulangiza kuti abwerere kwa akauntanti uja akafunse chomwe chakweza mtengo. Yankho lake ndi lomwe lidanditsegula maso. "Mayi, theka la ndalamayi ndi la jumbo yanuyi. Mukakasanja nokha malisiti mwezi ndi mwezi, n'kulemba m'kope zomwe mudagula ndi zomwe mudagulitsa, ndichita ntchitoyi pa K120 000." Mlamu wanga adagula kope la hadikava, ndipo kwa masabata awiri iye ndi mwana wake wa Fomu 3 ankakhala pamphasa madzulo aliwonse kusanja mapepala.

Masamu ake adayenda chonchi. Pamlingo womwe udayamba mu Epulo 2024, K150 000 yoyamba pamwezi sinkadulidwa msonkho, kutanthauza K1.8 miliyoni pachaka, ndipo gawo lotsatira linkadulidwa K25 pa K100 iliyonse. Mwa kuwerengera kwake, mlamu wanga adapindula K3 miliyoni, choncho msonkho ukadakhala K300 000. Koma nkhuku ndi masamba ena adagula kwa alimi m'midzi popanda kalikonse kolemba, ndipo katundu wa K400 000 adalibe umboni. Akauntanti adakana kumulemba. Phindu lidaoneka K3.4 miliyoni ndipo msonkho udafika K400 000. Pochotsera pa K540 000 yomwe adamudula kale, padatsala K140 000 yake, yomwe munthu atha kupempha kuti imubwerere kapena idzachotsedwe pamsonkho wa mtsogolo.

Wina anganene kuti kulipira K120 000 pofuna kupulumutsa K140 000 n'kutaya nthawi. Koma mayiyu adapeza satifiketi ija, oda sidamudutse, ndipo adagona tulo. Onaninso kuti malisiti osowa aja adamudyera K100 000, pafupifupi ndalama yomwe adalipira akauntanti. Lero akagula nkhuku kumudzi amalemba tsiku, dzina la mlimi, chiwerengero ndi mtengo, ndipo mlimiyo amasaina kapena kudinda chala.

Mitengo ndatchulayi ndi yomwe iye adakumana nayo, si mlingo wa dziko lonse, ndipo ndi mmene kwacha ikugwera mawa ikhoza kusintha. Chomwe sichisintha ndi zomwe zimaikweza: kuchuluka kwa njira zomwe mumapezera ndalama, kuchuluka kwa zaka zomwe simudapereke ritani, mmene mapepala anu alili, komanso kuchedwa. Wobwera sabata yomaliza sanenerera mtengo. Kwa ife a kutali kulinso mtengo wina wosalembedwa: thiransipoti yopita ku Karonga, kapena ku Mzuzu komwe ndi mtunda woposa makilomita 200 kuchokera ku Karonga, pogona, chakudya, ndi masiku omwe bizinesi yaima.

Izi si za kuno kokha. Ku America, komwe anthu ambiri amapereka ritani pofika pa 15 Epulo chaka chilichonse, kafukufuku wa bungwe la National Society of Accountants wa 2020/21 adapeza kuti ritani wamba ya munthu mmodzi inkalembedwa pa madola pafupifupi 220, pomwe yokhala ndi mndandanda wa zochotsera inkafika madola 323. Nakonso ntchito ikachuluka mtengo umakwera. Abale athu a ku Joni akudziwa kuti ku South Africa aliyense wolembera anthu za msonkho molipiritsa amayenera kulembetsa ku SARS, ndipo kasitomala ali ndi ufulu wofunsa nambala yake.

Tsono si aliyense ayenera kulipira munthu. Ngati ndalama yanu yonse ndi malipiro a pamwezi, abwana anu ndiwo amawerengera msonkho wa PAYE, kuudula ndi kukaupereka pofika pa 14 mwezi wotsatira. Chanu n'kusunga mapeyisilipi ndi kupempha fomu ya P9, yomwe imasonyeza zomwe mudalandira ndi zomwe adakudulani chaka chonse. Wina akabwera pakampu kumati mumupatse ndalama kuti akuombolereni PAYE, yambani mwafunsa kuofesi yolipira pantchito panupo. Koma ngati pambali pa ntchito muli ndi nyumba ya lendi, minibasi kapena golosale, ndalama imeneyo iyenera kufotokozedwa. Kwa mabizinesi ang'onoang'ono osafika K12.5 miliyoni pachaka, boma lidakhazikitsa mu 2021 msonkho wa presumptive, womwe ndi ndalama yoikika kale malinga ndi kukula kwa malonda ndipo sufuna mabuku ambiri. Milingo ya misonkho imasintha ndi bajeti, choncho funsani ku MRA mlingo wa chaka chomwe mukulembacho. Kufunsa ndi kwaulere, kutenga TPIN nakonso ndi kwaulere. Safunsa adadya phula.

Mukaganiza zolemba munthu ntchitoyi, gwirizanani mtengo wonse ntchito isanayambe ndipo ulembedwe papepala. Funsani ngati mtengowo ukuphatikiza kusanja mabuku, kutumiza fomu, ndi kukuyankhirani MRA ikadzafunsa mafunso. Funsani ngati ndi membala wa bungwe la akatswiri owerengera ndalama la ICAM, chifukwa wotero ali ndi komwe mungakamudandaulire. Musasaine fomu yomwe simudawerenge, ndipo mutenge kope lanu. Ndalama ya msonkho kaperekeni nokha kubanki, lisiti lituluke m'dzina lanu ndi TPIN yanu. Musaisakanize ndi malipiro a wolembayo. Pasiwedi ya Msonkho Online ndi yanu, ndipo ngati mudapatsa munthu, isintheni ntchito ikangotha.

Ndili ndi pempho kumbali zitatu. A MRA, pomwe mgodi wayambanso, bwerani ku Kayelekera ndi m'misika yoyandikira mudzaphunzitse anthu m'Chinkhonde, Chitumbuka ndi Chichewa, makamaka miyezi ya Epulo mpaka Sepitembala pomwe ambiri amakhala akukonza maritani. A ICAM, tithandizeni kudziwa mamembala anu omwe ali kumpoto kuno ndipo amalandira anthu a mabizinesi ang'onoang'ono. Makampani ogula katundu, perekani masatifiketi a withholding nthawi yomwe mukudula ndalamayo, chifukwa popanda pepala limenelo mayi wa nkhuku amavutika kusonyeza kuti adalipira kale.

Ife omwe tidaona 2014 tikukumbukira mmene malonda adazilalira mgodi utaima. Ndalama ya mgodi imabwera n'kupita, koma ngongole ya msonkho imakudikira pakhomo. Mlamu wanga wauza kale akauntanti wake kuti ulendo uno jumbo kulibe, abwera ndi kope la hadikava, ndipo akambirane mtengo watsopano.