Cotupa ca Pansi pa Cigaza ca Khanda

Ubongo wa munthu ukhala pa mafupa a pansi pa cigaza monga mphika ukhalira pa mafuwa. Mafupawa ali kuseri kwa mphuno ndi maso, ndipo ali ndi timaenje mopita mitsempha. Mwa kamodzi-kamodzi khanda libadwa ndi cotupa pamalo amenewa, ndipo popeza nthendayi njosowa, makolo ambiri acedwa kuizindikira.

Zotupazi ziri za mitundu-mitundu. Cina, dzina lace teratoma, ndi mnofu wongomera wokha. Cina ndi kathumba ka ubongo kotulukira pa pfupa limene silinatsekeke bwino mwana akali m'mimba. Zowerengeka ndizo za khansa.

Khanda lipuma makamaka ndi mphuno. Cotupa cikatseka njirayo, mwana aleka-leka bere kuti apume, naliza mkonono usana ndi usiku. Nthawi zina diso litong'oka, kapena madzi oyera akha m'mphuno imodzi yokha. Pena cotupa cioneka pakati pa maso. Cikamakula mwana polira, ndico cizindikilo cakuti cingakhale columikizana ndi ubongo.

Ngozi yaikuru iri apa. Acibale ena ayesa kuti ndi cithupsa, nafuna kuciboola kapena kutemerapo mphini. Kutero ndiko kutsegulira tizilombo khomo la ku ubongo, ndipo mwana angafe ndi nthenda youmitsa khosi. Ngakhale dokotala sadulako kanthu asanaone za m'kati.

Makina oonera m'mutu, a CT, anawapanga Godfrey Hounsfield, ndipo anayamba kupima odwala ku London m'caka ca 1971. Pambuyo pace panabwera a MRI, ogwira nchito ndi maginito, amene aonetsa bwino ngati cotupa cikhudza ubongo. Dokotala akadziwa zimenezi acotsa cotupaco, nthawi zina podzera m'mphuno ndi kacipangizo kopyapyala ka nyali kunsonga, natseka dzenje la pfupa. Ikakhala khansa apatsanso mankhwala. Koma kuocha ndi ceza apewa kwa mwana wosakwana zaka 3, cifukwa kuononga ubongo umene ukali kukula.

Ulendo uyambira pa kiliniki ya m'komboni. Kumeneko apereka kalata ya ku cipatala cacikuru, monga Arthur Davison Children's Hospital ku Ndola kapena University Teaching Hospital ku Lusaka. Atate ndi amai akaona zizindikilo zija asadikire malipilo a kutha kwa mwezi: apite naye mwana msanga, cotupa cisanakhudzidwe ndi lumo kapena singano.