Kodi mumadziwa? Entebbe ndiyo inayamba kukhala likulu

Ambiri amaiona Entebbe ngati khomo chabe lolowera ku Kampala, mzinda umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Komatu tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya Victoria imeneyi inali likulu la boma la atsamunda mpaka Uganda italandira ufulu mu 1962. Wina angati ulemerero wake unathera pomwepo, poti nyumba ya malamulo ili ku Kampala. Koma nyumba ya boma ya pulezidenti ili ku Entebbe, munda wa mitengo wa mu 1898 ukadalipo, apusi akulumphalumpha m'nthambi, ndipo bwalo lalikulu la ndege lilinso komweko. Msewu wa mu 2018 wolumikiza mizinda iwiriyi unamangidwa chifukwa Kampala sangachite popanda Entebbe.