Kunenepa kwa Mwana Wamng'ono: Thanzi Kapena Matenda?

Lero tikambirana za mwana wamng'ono, wa pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu, amene thupi lake likungokulirakulira popanda chifukwa chooneka.

Kwathu kuno mwana wonenepa ndi ulemu wa amayi ake. Akapita naye kuchitsime kapena kutchalitchi anzawo amawatama kuti akudziŵa kulera, ndipo agogo amanyadira kuti pakhomopo chakudya chilipo. Maganizo ameneŵa ali ndi pochokera, pakuti makolo athu adaona ana ambiri akumwalira ataonda. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse la Malaŵi wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5, ana 37 adali opinimbira. Koma kafukufuku yemweyo adapezanso kuti ana 5 mwa 100 adali olemera kupitirira muyezo wa kutalika kwawo. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidaŵerengera kuti m'chaka cha 2022 ana otere adalipo pafupifupi 37 miliyoni. Tsono funso la kholo limene likudabwa ndi thupi la mwana wake nloyenera kuyankhidwa bwino, osati kuliseka.

Tiyambe ndi kakulidwe koyenera. Mwana wobadwa pa nthaŵi yake amalemera pafupifupi makilogalamu 3. Pofika miyezi 5 kapena 6 kulemerako kumakhala kutaŵirikiza kaŵiri, ndipo pokwanitsa chaka kumakhala kutaŵirikiza katatu, ndiko kuti makilogalamu 9 kapena 10. Kuchokera pamenepo liŵiro limatsika. Mwana wa zaka ziŵiri amalemera pafupifupi makilogalamu 12, wa zaka zitatu pafupifupi 14, ndipo amangoonjezera makilogalamu aŵiri okha pachaka kufikira zaka 5. Manambala ameneŵa ndi apakatikati chabe. Ana athanzi ambiri amapitirirapo kapena kuchepekerapo pang'ono. Amachokera pa miyezo imene bungwe la WHO lidatulutsa m'chaka cha 2006, atayeza ana oyamwa bere a m'maiko 6: Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States. Chimene adaona nchakuti ana osamalidwa bwino amakula mofanana, kaya ndi a mtundu wanji.

Dziŵaninso kuti khanda loyamwa bere lokha limatha kunenepa mpaka kuchita mipindiro m'ntchafu ndi m'mikono, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Likayamba kukwaŵa, kuimirira ndi kuyenda, mafuta aja amachepa okha. Chodetsa nkhaŵa ndi mwana amene wayamba kale kuyenda koma thupi likupitirirabe kukula msanga.

Maso a kholo sangathe kuŵeruza nkhaniyi paokha. Woŵeruza weniweni ndi bukhu la kusikelo. Mwezi ndi mwezi alangizi a zaumoyo amalemba kadontho m'bukhumo, ndipo timadonthoto tikalumikizidwa timapanga njira ya mwanayo. Mwana amene adabadwa wamkulu, makolo ake ali amatupi aakulu, ndipo njira yake ikuyenda motsatana ndi mizere yosindikizidwa ija, kaŵirikaŵiri alibe vuto. Koma njira ikakhota mwadzidzidzi nkuyamba kudumpha mizere kuloŵera kumwamba, pamenepo pali chofunika kuchifufuza. Ndipo sikelo payokha sikwanira. Pemphani kuti amuyezenso kutalika pa thabwa lija, pakuti makilogalamu 14 pa mwana wamtali ndi osiyana ndi makilogalamu 14 pa mwana wamfupi.

Tsono mfundo yoyamba, imene ingapulumutse moyo, ndi iyi: kutupa si kunenepa. Akulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mwana akhoza kukwera pa sikelo chifukwa cha madzi odzadza m'thupi, pamene minofu yake ikutha. Ameneŵa ndi matenda a kwashiorkor, amene dokotala wina, Cicely Williams, adawafotokoza m'chaka cha 1933 akugwira ntchito ku Gold Coast, dziko limene tsopano ndi Ghana. Amagwira kwambiri ana amene angoleka kuyamwa ndipo akungodya phala la ufa woyera lopanda chosakaniza, makamaka akangodwala kumene chikuku kapena kutsekula m'mimba. Mwanayo amatupa mapazi, kenaka miyendo, manja ndi nkhope. Tsitsi limafiira ndi kuthothoka, khungu limasupuka, safuna kudya, ndipo amangokhala ndwii kapena kuliralira.

Kuyeza kwake nkosavuta. Gwirani mapazi onse aŵiri a mwanayo, dinikizani chala chachikulu pamwamba pa phazi lililonse, ndipo ŵerengani pang'onopang'ono kufika 3. Mukachotsa zala, pakatsala kadzenje pa mapazi onse aŵiri, amenewo ndi madzi. Mafuta sasiya dzenje. Mwana wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo. Tikudziŵa kuti m'midzi yambiri mwana akatupa anthu amati ndi tsempho, ndipo akuluakulu amayamba kufunsa amayi ndi abambo za mayendedwe awo. Mlandu umenewo ungadikire, koma mwana wotupa sangadikire. Kuchipatala kuli mkaka wapadera ndi chiponde, ndipo ana ofika msanga amachira.

Kutupa kwina kumachokera ku impso. Mwana wa zaka ziŵiri kapena kuposerapo amadzuka m'maŵa zikope zitatupa, pofika madzulo miyendo ndi mimba zatupanso, mkodzo wachepa ndipo ukuchita thovu. Impso zake zikutaya m'mkodzo zinthu zomanga thupi zimene ziyenera kukhala m'magazi. Madokotala amazindikira vutoli poyeza mkodzo, ndipo mankhwala ake alipo. Chimodzimodzinso mimba yokha ikamakula, manja ndi miyendo zili zoonda, kumeneko si kunenepa. Mwina ndi njoka za m'mimba, mwina kapamba watupa ndi malungo, ndipo nthaŵi zina ndi chotupa cha mu impso. Mukamva chinthu cholimba m'mimba mwa mwana pomusambitsa, musazengereze.

Tikachotsa kutupa, titsala ndi kunenepa kwenikweni. Mwa ana ambiri onenepa, gwero lake ndi chakudya pamodzi ndi mtundu wa kubanja. Amayi ena amati, "Koma mwanayu sadya kwambiri." Nzoona, mbale yake ya nsima ndi yaing'ono. Koma tiyeni tiŵerenge zina zimene zimaloŵa m'kamwa mwake kuyambira m'maŵa: tiyi wa masipuni atatu a shuga, mandasi pamene amayi ali kumsika, thobwa lotsekemera kwa agogo, bisiketi ndi tchipisi zimene abambo abwera nazo madzulo, ndi botolo la zakumwa lomutontholetsera. Botolo limodzi la zakumwa zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi masipuni aang'ono 8. Chakumwa sichikhutitsa, motero mwana amamwa kenaka nkudyanso. Aliyense pakhomopo amampatsa pang'ono, ndipo palibe amene amaona zonse pamodzi. Nchifukwa chake kunenepako kumaoneka ngati kopanda chifukwa. Mwana amene adabadwa wopitirira makilogalamu 4, makamaka ngati amayi ake adali ndi matenda a shuga pa nthaŵi ya pakati, amanenepanso msanga kuposa anzake.

Nanga tingasiyanitse bwanji kunenepa kwa chakudya ndi kwa matenda? Madokotala a ana ali ndi lamulo limodzi losavuta kulikumbukira. Mwana wonenepa chifukwa cha kudya amakhalanso wamtali, wamphamvu ndi wochangamuka, pakuti chakudya chochuluka chimakuza thupi lonse. Koma mwana amene akunenepa pamene kutalika kwaima, kapena amene akuchedwa kukhala, kuyenda ndi kulankhula, ameneyo afunika kupimidwa, pakuti gwero lingakhale m'kati mwa thupi.

Gwero loyamba lotere ndi chithokomiro, kachiŵalo ka pakhosi kamene kamalamula liŵiro limene thupi limagwirira ntchito. Kakafooka, mwana amakhala wamfupi, wozizira, wogonagona, wa khungu louma ndi wodzimbidwa. Matendaŵa akachedwa kudziŵika amaononga nzeru, koma akadziŵika msanga mbulu umodzi wa mankhwala patsiku umabwezera mwana pa njira yake. Chithokomiro chimafuna ayodini, ndiye chifukwa chake mchere wa pakhomo uyenera kukhala wa ayodini.

Gwero lachiŵiri ndi mankhwala, ndipo pano ndipempha kuti mutchere khutu. Mankhwala monga prednisolone ndi dexamethasone ndi othandiza kwambiri dokotala akawalemba pa matenda a mphumu kapena a impso. Koma akamwedwa nthaŵi yaitali amatupitsa masaya mpaka nkhope kuzungulira ngati mwezi, amakuza mimba, amaimitsa kutalika, amakweza kuthamanga kwa magazi ndi kufooketsa chitetezo cha thupi. Mankhwala a mtundu womwewu, monga betamethasone ndi clobetasol, amapezeka m'mafuta ena odzola a m'timachubu, kuphatikizapo oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misika. Khungu la mwana nlopyapyala, ndipo mafutawo akapakidwa tsiku ndi tsiku pa zilonda za theŵera amaloŵa m'magazi. Palinso mankhwala amadzimadzi okulitsa mudyo amene ena amagulira ana kuti anenepe. Mwana wathanzi sawafuna ameneŵa. Ngati mwana wanu wakhala akumwa prednisolone kapena dexamethasone kwa milungu ingapo, musamuleketse mwadzidzidzi, pakuti kutero nkoopsa. Tengani mabotolo ndi machubu onse mukaonetse kuchipatala, kumene adzakuuzani kachepetsedwe kake.

Gwero lachitatu nlobadwa nalo, ndipo silipezeka kaŵirikaŵiri. M'chaka cha 1956 madokotala atatu a ku Switzerland, Andrea Prader, Alexis Labhart ndi Heinrich Willi, adafotokoza matenda amene tsopano amatchedwa Prader-Willi. Mwana wake amabadwa wolobodoka, wolira motsitsa ndi wolephera kuyamwa. Koma akadutsa zaka ziŵiri amayamba kunenepa, ndipo pambuyo pake amagwidwa ndi njala yosatha. Amakhala wamfupi, wa manja ndi mapazi aang'ono, ndi wochedwa kuphunzira. M'chaka cha 1994 Jeffrey Friedman ndi anzake ku New York adatulukira leptin, chinthu chimene mafuta a m'thupi amatumiza ku ubongo kukanena kuti nkhokwe yadzadza. Patapita zaka zitatu, mu 1997, madokotala a ku Cambridge adapeza ana aŵiri apachibale amene matupi awo sankapanga chinthu chimenechi, ndipo ankalirira chakudya usana ndi usiku. Phunziro lake nlakuti njala ya mwana wina si umbombo, ndipo amayi ake si olekerera. Banja lotere lifunika thandizo, osati chitonzo.

Mwina wina afunsa kuti, nanga mwana akanenepa chabe, popanda matenda, vuto lili pati? Thupi lolemera limapsinja mafupa anthete, ndipo miyendo ya mwana amene adayamba kuyenda msanga imatha kukhota. Ena amaliza mkonono ndi kubanika kutulo. Ndipo mwana amene afika zaka zoyamba sukulu ali wonenepa kwambiri, kaŵirikaŵiri amakula nako kunenepako, kumene kumatsegula khomo la matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Paja kuongola mtengo mpoyamba.

Kuongolako sikutanthauza kumana mwana chakudya. Mwana wa zaka ziŵiri sayenera kuondetsedwa, pakuti ubongo ndi mafupa ake zikukula. Cholinga nchakuti kulemera kuyende pang'onopang'ono kufikira kutalika kutakupeza. Pitirizani kuyamwitsa mpaka zaka ziŵiri kapena kupitirira. Mpatseni chakudya katatu patsiku, ndi kachakudya kapakati kaŵiri monga nthochi, papaya kapena mbatata, kuchokera m'magulu 6 aja: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Akhale ndi kambale kakekake kuti muziona muyezo wake, ndipo akatembenuza mutu musamukakamize kumaliza. Ludzu lake lithetsedwe ndi madzi abwino. Akalira, yambani mwafufuza chimene chamuliza musanamuike chotsekemera m'manja. Ndipo banja lonse ligwirizane, pakuti amayi sangapambane ngati agogo ndi abambo akumpatsa mobisa.

Mwana ayeneranso kuseŵera. Malangizo a WHO a m'chaka cha 2019 amati mwana wa chaka chimodzi kapena ziŵiri aziyenda ndi kuseŵera mphindi 180 patsiku, asakhale kumsana kapena pampando kopitirira ola limodzi nthaŵi imodzi, ndipo azigona maola 11 mpaka 14. Wa chaka chimodzi asaikidwe pa wailesi yakanema kapena pa foni, ndipo wa zaka ziŵiri asapitirire ola limodzi patsiku. Ntchito zikachuluka kubereka mwana nkosapeŵeka, koma mukafika pamthunzi mutsitseni ayende.

Pomaliza, nazi zizindikiro zimene ziyenera kukutengerani kuchipatala osadikira tsiku la sikelo: mapazi kapena zikope zotupa, kunenepa kwadzidzidzi m'milungu yoŵerengeka, kutalika kumene kwaima, nkhope yozungulira pa mwana amene akumwa kapena kudzola mankhwala, kuchedwa kuyenda ndi kulankhula, njala yosakhutitsika, ndi kubanika kutulo. Popita nyamulani bukhu la kusikelo ndi mankhwala onse a mwanayo, ndipo konzekani kunena zonse zimene adadya ndi kumwa dzulo lake. Ngati kuchipatala chaching'ono sadathe kupeza gwero, pemphani kalata yopitira kuchipatala cha boma lanu. Safunsa adadya phula.