Alembi a Milandu ku Moatize ndi ku Zóbuè

Munthu akapita kukhoti la boma la Moatize ku Mozambique kukasumira mnzake pa nkhani ya ngongole, malire a munda kapena chuma cha masiye, sayamba ndi kuonana ndi woweruza. Amayamba wafika pa tebulo la mlembi, amene kumeneko amamutchula m'Chipwitikizi kuti escrivão. Mlembiyu amalandira madandaulo, n'kulemba m'kaundula nambala ya mlandu, tsiku, dzina la wosuma ndi la wosumiridwa, komanso chomwe akulimbirana. Pepala lililonse lobwera pambuyo pake, kaya ndi lisiti, umboni kapena chigamulo, amaliika m'failo ya mlanduwo ndi kulipatsa nambala yake kuti wina akalisolola zidziwike.

Pantchitoyi sakhala yekha. Pali mthenga wa khoti amene amayenda ndi masamoni mpaka kumidzi ya ku Zóbuè, kumalire ndi Mwanza, komwe nyumba zilibe manambala ndipo munthu amapezeka pofunsa amfumu. Palinso womasulira. Khoti limalemba m'Chipwitikizi, pomwe anthu ambiri a ku Moatize amalankhula Chinyungwe, a ku Zóbuè Chichewa. Mayi akhoza kufotokoza nthawi yaitali za munda umene anausiyiridwa ndi amalume ake, koma chotsala papepala ndi chimene womasulira wanena ndipo mlembi walemba. Akadumpha mfundo imodzi, woweruza wa apilo ku Tete sadzaiona.

Ntchito imeneyi ndi yakale. M'nthawi ya atsamunda, mpaka lamulo losiyanitsa mbadwa ndi azungu litathetsedwa mu 1961, milandu ya anthu akuda inkaweruzidwa ndi bwanamkubwa wa boma mothandizidwa ndi mafumu, alembi ndi omasulira ali pambali. Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma linakhazikitsa makhoti a anthu mu 1978, ndipo mu 1992 linabweretsa makhoti a m'midzi. Milandu yambiri ya mabanja ndi minda imathera m'makhoti a m'midziwa, momwe mlembi nthawi zambiri amalemba pamanja m'kope wamba.

Akatswiri ofufuza mbiri amadalira zolemba zoterezi chifukwa ndi momwe mumamveka mawu a mlimi, mayi wamasiye ndi wochita geni, anthu amene malipoti a boma sawatchula. Nyumba yosungira zolemba zakale ya Arquivo Histórico de Moçambique, yomwe inakhazikitsidwa mu 1934 ndipo ili ku Maputo, imasunga mapepala ambiri a maofesi a atsamunda. Mu 2003, Boaventura de Sousa Santos ndi João Carlos Trindade anatulutsa kafukufuku wamkulu wa momwe milandu imaweruzidwira ku Mozambique, ndipo anaonetsa kuti anthu amafuna chilungamo m'mabwalo osiyanasiyana, osati m'makhoti a boma okha.

Dera la Moatize lili ndi zambiri zofunika kulembedwa mosamala. Nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1992, anthu amene anathawira ku Malawi anabwerera kudzera pa Zóbuè, ena n'kupeza minda yawo ikulimidwa ndi ena. Pakati pa 2009 ndi 2010, kampani ya Vale inasamutsa mabanja opitirira 1,300, ambiri mwa iwo kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro, kuti ikumbe malasha, ndipo mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba ndi minda zomwe anapatsidwa. Lamulo la malo la mu 1997 limavomereza umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi pa nkhani ya munda. Komatu mboni zimakalamba n'kumwalira. Umboni wawo umakhalitsa ngati mlembi anaulemba bwino, ndipo kaundulayo wapulumuka ku chiswe, chinyontho ndi kutentha kwa ku Tete.

N'chifukwa chake alembi, amithenga ndi omasulira ayenera kuphunzitsidwa bwino ndi kulipidwa moyenera. Makaundula a m'makhoti a m'midzi atoleredwe, ajambulidwe ndi kusungidwa pa kompyuta, mayina a eni milandu atatetezedwa. Mwana amene adzafune kutsimikiza malire a munda wa agogo ake adzadalira ntchito imene mlembi akugwira lero.