Kupima Magazi a Nkhalamba

Nkhalamba ikafika ku cipatala itatupa miyendo, kapena ikudandaula kufoka kwa thupi, dotolo amatenga magazi pang'ono pa mkono nawatumiza kukapimidwa. Pepala limabwera ndi manambala, ndipo ambiri a mu Kabwe amapita nalo kwao ndi mantha, osadziwa tanthauzo lace.

M'madzi a magazi muli zinthu zochedwa mapuloteni, ndipo mitundu yace yaikuru iri iwiri. Woyamba ndiwo albumin, wopangidwa m'ciwindi. Nchito yace ndiyo kusunga madzi m'mitsempha. Ukacepa, madziwo amatulukira m'mnofu, mapazi natupa. Waciwiri ndiwo globulin, ndipo mbali yace yaikuru imalimbana ndi matenda. Mwa munthu wamkuru wamoyo bwino, mapuloteni onse pamodzi amakhala magalamu 60 kufikira 80 m'lita imodzi, albumin yekha 35 kufikira 50.

Kodi malire amenewa anacokera kuti? Madotolo amapima anthu osadwala, osacepera 120, napatula ocepa a pamwamba ndi a pansi, nasunga 95 mwa 100 ali onse. Cotero anthu 5 mwa 100 amagwera kunja kwa malire angakhale alibe nthenda.

Tsono malire ambiri anatengedwa pa anthu a ku Ulaya ndi ku America. Koma albumin amatsika pang'onopang'ono munthu akamakalamba, ndipo globulin wa anthu a mu Africa kawirikawiri amaposa wa Azungu, makamaka popeza matupi ao alimbana ndi malungo ndi njoka za m'mimba ciyambire ubwana. Cifukwa cace ku China ndi m'maiko ena a mu Africa madotolo apima anthu a kwao, kuti munthu ayesedwe ndi muyeso womuyenera. Nambala yopatuka pang'ono si mlandu. Yotsika kwambiri ndiyo iloza ku ciwindi, ku impso, ku cifuwa cacikuru, kapena ku njala.

Mu Kabwe muli kanthu kena koonjezera. Mgodi wa Broken Hill unatsekedwa m'caka ca 1994, koma pfumbi la mtobvu linatsala m'nthaka ya Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mtobvu umaononga impso, nucepetsa magazi ofiira; komabe kupima mapuloteni sikuuonetsa, pakuti mtobvu uli ndi kapimidwe kace. Motero mkulu amene anagwira nchito mu mgodi, kapena wakhala nthawi yaitali pafupi ndi miulu ya zotaya, ayenera kumuuza dotolo, asadikire kufunsidwa.

Asunge mapepala ace onse, pakuti nambala ya lero imamveka bwino ikalinganizidwa ndi ya caka catha. Ndipo ana ace aonetsetse kuti pa nsima yace sipasowa nyemba, nsawa, kapenta kapena dzira. Kutupa miyendo si ukalamba cabe ai, nkofunika dotolo.