Kamera yomeza ngati piritsi: si kazitape ayi

Azakhali anga amene amakhala ku Johannesburg avutika ndi kuchepa kwa magazi kwa zaka ziwiri. Amwa mapiritsi a ayironi, awonjezeredwa magazi kawiri, koma pakangotha miyezi ingapo chizungulire chimayambiranso. Madokotala adawaunika ndi kachubu kodzera kukamwa, osapeza kanthu. Adayesa kodzera kumusi, chimodzimodzi. Mwezi watha adawapatsa kapisozi yokhala ndi kamera kuti ameze, ndipo nkhani idali mkamwamkamwa pagulu la banja lathu la WhatsApp. Wina adati kachipangizoko kamakanirira m'thupi mpaka imfa, azungu n'kumakuona kulikonse kumene wapita. Wina adafukula za 666, zomwe zija tidatopa nazo nthawi ya katemera wa Covid-19.

Kapisoziyi cholinga chake n'kuunika matumbo aang'ono, omwe vuto lake ndi kutalika ndi kupindikapindika kwake. Amafika pafupifupi mamita 6. Kachubu ka kukamwa kamathera koyambirira kwake, ka kumusi kamangosuzumira kumapeto. Magazi akamadontha chapakatipo, machubu onse awiri amabwerako chimanjamanja.

Kapisoziyo kukula kwake ndi ngati mtedza wosaswa wa njere ziwiri: mamilimita 26 m'litali, 11 m'lifupi. Mkati mwake muli kamera, batire, kawayilesi kotumiza zithunzi ndi timagetsi towalitsa, poti m'matumbo muli mdima wa ndiweyani. Ilibe injini, ndipo palibe woiwongolera. Matumbo omwewo ndiwo amaikankha, monga amachitira ndi nsima. Ikamayenda imajambula zithunzi ziwiri pa sekondi iliyonse, ndipo kapisozi zina zatsopano zimafika zisanu ndi chimodzi zikazindikira kuti zikuthamanga, kuopa kudumpha chilonda. Zithunzizo sizisungidwa m'kapisozi ya mtunduwu, zimapita ku kabokosi komwe wodwala wavala m'chiuno. Pa maola 8 zimapitirira 50,000, ndipo dokotala amakhala pa kompyuta n'kumazionera ngati filimu, kufunafuna mitsempha yotuluka magazi, zilonda, zotupa kapena zizindikiro za matenda a Crohn. Nthawi zina amaona njoka zam'mimba zili kakaka pakhoma la thumbo, zikuyamwa magazi.

Tsono a mphekesera, tamverani. Mphamvu ya kawayilesi kameneka ndi yochepa kwambiri moti cholandirira chake chiyenera kukhala pathupi penipeni. Batire limatha pakadutsa maola 8 mpaka 12. Patatha tsiku limodzi kapena masiku angapo, kapisozi imatuluka ndi chimbudzi, mwini wake nthawi zambiri osaiona n'komwe. Ndi kazitape wanji amene amafa tsiku lisanathe n'kukathera m'dzenje? Chosekesa n'chakuti amene amafalitsa zimenezi amalemba pa foni, chipangizo chomwe chimadziwadi pamene ali usana ndi usiku.

Ndivomereze chimodzi, mwina n'chimene chimapatsa mabodzawa mphamvu. Amene adayambitsa nzeruyi, Gavriel Iddan wa ku Israel, adali injiniya wa makamera otsogolera mizinga ya nkhondo. Koma adagwira ntchitoyi ndi dokotala wa matenda am'mimba wa ku London, Paul Swain, ndipo dziko la America lidavomereza kapisoziyi mu 2001. Dzina lake loyamba lidali M2A, kutanthauza kuchokera kukamwa kukatulukira kumusi. Ngakhale dzinalo lidanena poyera kuti chinthuchi n'chodutsa. Lero ambiri amachidziwa ndi dzina loti PillCam.

Choopsa chenicheni, chimene pagulu lathu palibe adachitchula, ndi kukodwa. Pa anthu 100, mmodzi kapena awiri kapisozi imawatsalira pomwe thumbo lidaphinjika, ndipo pena pamafunika opaleshoni kuti ichoke. Kuphinjikako kumadza ndi matenda a Crohn, TB ya m'matumbo, yomwe kwathu kuno si yachilendo, komanso kumwa kwa nthawi yaitali mankhwala opha ululu monga diclofenac ndi ibuprofen. Dokotala akakayikira amayamba wapereka kapisozi yoyeserera, yomwe imasungunuka yokha ikakodwa. Komanso kamerayi imangoona basi: siidula kanyama kokayeza, siichiritsa. Wodwala amameza asanadye kanthu, ndipo saloledwa kulowa m'makina a MRI kufikira itatuluka.

Kwa azakhali, zithunzi zidaonetsa timitsempha tofooka tomwe tinkadontha magazi pang'onopang'ono, pamalo pomwe machubu aja sadafike. Akudikira tsiku loti madokotala akatseke timitsemphato. Inu amene chimbudzi chanu chikutuluka chakuda ngati phula, kapena magazi akungokutherani popanda chifukwa, pitani kuchipatala, osati pa WhatsApp.